Azondi a m'nkhalango pa nthawi ya nkhondo: mafunso ndi mayankho

Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata. Chaka chilichonse tikafika pa mutu wa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, manja amakwera m'kalasi, koma mafunso ake sakhala a Hitler. Anyamata amafuna kumva za makomando, aja amawaona m'mafilimu atadzipaka zakuda kumaso, akukwawa m'matope. Makolo ena nawonso amandiimitsa pa msika wa Kapata n'kundifunsa za ankhondo akale a m'banja mwawo. Mafunsowo ndawasonkhanitsa pano. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa agogo anga, bambo a mayi anga, anapita ku Burma ndi gulu la Northern Rhodesia Regiment, ndipo ndinakulira pakhonde pawo.

Kodi magulu amenewa ndi otani, ndipo amasiyana bwanji ndi asilikali ena?

Dzina lawo m'chinenero chathu lilipo kale: azondi. Mose anatuma amuna 12 kukazonda dziko la Kanani, ndipo anabwerako patapita masiku 40. Angoni nawonso sankaponya nkhondo asanatume anthu okaona kumene kuli ng'ombe, kumene kuli linga, ndi pamene mtsinje ukuwolokeka. Ntchitoyo ndi yomweyo, kungoti azondi a masiku ano amanyamula wailesi ndi mapu.

Kagulu kake kamakhala kochepa, anthu 4, 5 kapena 6. Amalowa m'dera limene lili m'manja mwa adani, nthawi zina ulendo wa masiku ambiri kuchoka pamene pali anzawo. Akafika amabisala n'kumawerenga: adani alipo angati, akudutsa njira iti, chakudya akusunga kuti, mizinga aika pati. Zimenezo amatumiza kwa akuluakulu. Panalinso magulu ena akuluakulu amene ankalowa kuti akadule njanji ndi kuphwasula milatho, ndi ena amene ankapita kukakhala pakati pa eni dziko n'kuwaphunzitsa kumenya nkhondo. Koma mzondi weniweni akabwerako osawomba ngakhale chipolopolo chimodzi, ndiye kuti ulendo wayenda bwino. Mfuti ikalira, adani adziwa kuti muli anthu, ndipo ntchito yathera pomwepo.

Timamva za a Chindits. Anali ndani?

Linali gulu la asilikali a Britain ndi India limene anayambitsa Orde Wingate pomenyana ndi Ajapani ku Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar. Dzinalo linachokera ku chinthe, chifanizo chonga mkango chimene chimaima pakhomo la akachisi a kumeneko.

Mu Febuluwale 1943 amuna pafupifupi 3,000 anawoloka mtsinje wa Chindwin wapansi, atagawikana m'magulu angapo, katundu ali pa nyulu. Anadula njanji ya pakati pa Mandalay ndi Myitkyina m'malo ambiri, ena n'kuwolokanso mtsinje waukulu wa Irrawaddy. Kutsidya kumeneko zinthu zinawaipira. Madzi anasowa, Ajapani anawazinga, ndipo analamulidwa kuti amwazikane m'timagulu, aliyense adzipezere njira yobwerera ku India. Anthu 818 sanabwerere: ena anaphedwa, ena anagwidwa, ena anangosowa. Mwa amene anabwerako, pafupifupi 600 anali atafooka moti sanathenso kubwerera kunkhondo. Ambiri anali atayenda makilomita oposa 1,200. Njanji ija Ajapani anaikonza posachedwa.

Ulendo wachiwiri unayamba pa 5 Malichi 1944, ndipo unali waukulu kwambiri. Ambiri analowa pa ndege, oyambirira pa ndege zopanda injini zokokedwa ndi zinzake, n'kutera pa dambo lina pakati pa nkhalango limene analitcha Broadway. Anamanga malinga monga White City ndi Aberdeen, n'kutseka njanji ndi msewu wopita kumpoto. Wingate mwini wake anafa pa ngozi ya ndege pa 24 Malichi chaka chomwecho, ntchito itangoyamba.

Kodi munali anthu akuda m'magulu amenewa?

Analimo. Pa ulendo wa 1944, gulu lathunthu la 3rd West African Brigade, mabataliyoni atatu a Nigeria Regiment, linali mbali ya a Chindits, ndipo linagwira nawo malinga aja. M'mafilimu simudzawaona.

Anthu a kuno kwathu sanali mu Chindits, ndipo izi ndimanena poyera kuti tisamadzinamize. Iwo anali m'gulu lalikulu la 11th East African Division, pamodzi ndi a Keyala (King's African Rifles) a ku Nyasaland, Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Bataliyoni yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment inali mmenemo. Atamaliza maphunziro ku Ceylon (lero Sri Lanka), analowa m'chigwa cha Kabaw mu Ogasiti 1944, mvula ili pakati, nthawi imene ankhondo ambiri ankaona kuti sikutheka kuyenda. Chigwacho chinali ndi mbiri ya malungo ndi matenda ena oopsa. Anakankha Ajapani mpaka ku Kalewa, m'mbali mwa Chindwin, kumene anafika kuchiyambi kwa Disembala. Bataliyoni yachitatu inamenya nkhondo ku Arakan, m'mbali mwa nyanja.

M'nkhalango yotere ndege sinkaona kanthu pansi. Choncho bataliyoni iliyonse inkatuma timagulu take patsogolo, masiku awiri kapena atatu, kukafufuza pamene Ajapani akumba maenje awo. Ntchito ya uzondi imeneyi ankaigwira ndi asilikali wamba, ana a alimi a ku Fort Jameson (Chipata wa lero), Lundazi ndi Petauke, opanda dzina lapadera kapena chipewa chapadera. Ndipo chinenero cha m'gulu lawo chinali Chinyanja chomwechi, moti ngakhale mabwana achizungu ankayenera kuchiphunzira.

Umboni wake timaudutsa tsiku ndi tsiku osauzindikira. Arakan Barracks ku Lusaka, Chindwin Barracks ku Kabwe, Kalewa Barracks ku Ndola, Taung-up ku Mufulira, ndi Burma Road ku Lusaka: onsewa ndi maina a kumene makolo athu anamenya nkhondo. Gondar Barracks yathu ya kuno ku Chipata dzina lake ndi la mzinda wa ku Ethiopia kumene Ataliyana anagonja mu Novembala 1941. Ndikawauza ana zimenezi m'kalasi mumakhala zii kwa kanthawi.

Agogo anuwo ankanena zotani?

Zochepa. Mukawafunsa za kuwombana ankangoti, "Mdzukulu wanga, zimenezo zinatsala komweko." Koma za misundu ankatha kufotokoza madzulo onse. Ankapinda buluku n'kutionetsa timabala toyera tozungulira m'misongolo yonse iwiri, ngati nthomba. Amati misundu ya kumeneko sikhala m'madzi mokha ngati yathu. Imadikira pa masamba, imalowera pa mabowo a zingwe za jombo, ndipo sumva pamene ikuluma. Madzulo ukavula, sokosi ili chonyowa ndi magazi. Ukaukoka msundu, bala limatukusira. Ankaugwetsa ndi mchere kapena moto wa ndudu, ndipo pamene ali pafupi ndi adani, ndudu n'zoletsedwa, ankangousiya ukhute ugwe wokha.

Nkhani imodzi yokha ya uzondi ndi imene anandiuza yonse. Anatumidwa asanu, ndi sajeni wachikuda, kukaona phiri lina. Anagona pamimba m'nsungwi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osaona munthu. Nyerere zikuwaluma, koma kukanda ayi. Mnzawo wina, amene kwawo anali mlenje, anagwira sajeni pa mwendo n'kuloza mphuno yake. Anali atamva fungo la mpunga wophika. Anadikirabe, ndipo pamapeto pake anaona kautsi kochepa kakutuluka pansi pa chitsamba chimene tsiku lonse ankachiyesa chitsamba. Linali khomo la dzenje, lofoleredwa ndi mitengo ndi dothi. Anabwerera chafutambuyo, n'kukanena. Agogo akafika apa ankamaliza ndi mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kenako n'kupempha madzi akumwa.

Ankasekanso za mankhwala a malungo otchedwa mepacrine, amene ankamwa tsiku lililonse pamaso pa mkulu wawo. Azungu ankasanduka achikasu ngati dzungu.

Nkhalango ya kumeneko imasiyana bwanji ndi thengo lathu?

Thengo lathu la miombo ndi lowala. M'chilimwe udzu ukapsa, munthu umamuona ali patali. Ngakhale kuchigwa cha Luangwa, m'mitengo ya tsanya, maso amafika kutali. Ku Burma, ku Malaya ndi ku Borneo mitengo imakumana pamwamba, pansi pamakhala mdima ngati madzulo, ndipo m'malo ena munthu wa patsogolo pako akangoyenda mapazi khumi wasowa. Kuli nsungwi zothithikana zoti udutse uyenera kudula, ndipo kudulako kumamveka kutali. Mapiri ake ndi otsetsereka, amatope. Pali malo amene gulu linkayenda tsiku lonse n'kungotha makilomita awiri kapena atatu. Zovala siziuma. Chilonda chaching'ono chimasanduka chachikulu m'masiku ochepa. M'zaka zoyambirira za nkhondo ya ku Burma, odwala malungo ndi kamwazi ankachuluka kutalitali kuposa olasidwa ndi zipolopolo.

Ankadya chiyani, ndipo katundu ankanyamula bwanji?

Msilikali wa Chindits ankasenza makilogalamu oposa 30. Mu 1943 chakudya chake chinali mabisiketi olimba, tchizi, mtedza, zipatso zouma, tiyi, shuga ndi mkaka waufa. Chinkagwetsedwa ndi ndege pa parachuti pamalo amene agwirizana pa wailesi, ndipo ndege ikalephera kubwera, chakudya cha masiku asanu chinkayenera kukwana masiku asanu ndi atatu kapena kuposa. Njala itakula ankagula mpunga m'midzi, ndipo ena anadya nyulu zawo zomwe.

Nyuluzo ndi zimene zinkanyamula mawailesi olemera, mabatire ndi mfuti zazikulu. Kuti zisalire n'kuulula gulu, madokotala a ziweto ankazichita opaleshoni pakhosi zisananyamuke. Asilikali ambiri ankazikonda kwambiri nyama zimenezi, ndipo kuziwombera pamene gulu likumwazikana chinali chimodzi mwa zinthu zimene zinawapweteka mtima.

Zimatheka bwanji kuyenda osaoneka?

Amene anasakako nyama ayankha yekha. Suyenda m'njira yopondedwa. Sulankhula, umalozera ndi manja. Uyenda pang'ono, uima, umvetsera. Susamba ndi sopo wonunkhira, susuta, suphika pafupi. Chilichonse cholira m'thumba umachikulunga ndi nsalu. Womaliza pamzere amakonza udzu wopindika ndi kufufuta mapazi. Pofuna kugona, gulu limapitirira malowo, n'kukhota ngati mbedza kubwerera, kuti ngati wina akulondola mapazi adutse patsogolo panu inu mukumuona. Ndipo umamvera nyama: anyani akabwebweta kapena mbalame zikauluka mwadzidzidzi, pali chimene chazidzidzimutsa. Alonda a nyama a ku Mfuwe amene amalondola opha njovu amadziwa zonsezi, ndipo ambiri anaziphunzira kwa amalume awo, osati m'buku.

Nanga munthu akavulala kapena kudwala kutali choncho?

Ili ndi funso limene ophunzira anga aakazi amafunsa kawirikawiri, ndipo yankho lake ndi lowawa. Mu 1943 amene sankatha kuyenda ankasiyidwa. Ankamusiya m'mudzi kapena pansi pa mtengo, ndi madzi, kachakudya ndi mfuti. Aliyense ankadziwa lamuloli asananyamuke. Akuluakulu a magulu amene anasiya anzawo motero anasenza chisonicho moyo wawo wonse.

Mu 1944 zinasintha. Tindege tating'ono ta asilikali a America tinkatera pa timabwalo tolambulidwa ndi manja n'kunyamula ovulala mmodzimmodzi kapena awiriawiri. Ndege zotera pamadzi zinatulutsa odwala mazanamazana pa nyanja ya Indawgyi. Ndipo mu Epulo 1944, ku Burma komweko, helikopita inapulumutsa anthu kuseri kwa adani kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya nkhondo. Woyendetsa wake anali Carter Harman, ndipo anatulutsa amuna anayi, mmodzi pa ulendo uliwonse, chifukwa makinawo analibe mphamvu yonyamula awiri.

Mlendo angadziwe bwanji njira m'nkhalango ya eni ake?

Sangadziwe, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kuti aliyense wowerenga aime. Mapu amakuuza kuti pali mtsinje. Sakuuza pamene pali ng'ona, mudzi umene udzakubise, kapena umene udzakupereke. Gulu lililonse lotchuka limene mungatchule linali ndi eni dziko patsogolo pake.

A Chindits ankatsogoleredwa ndi asilikali a Burma Rifles, amene ambiri anali a mitundu ya Karen, Kachin ndi Chin. Iwo ndi amene ankalowa m'midzi kukafunsa nkhani, kugula mpunga ndi kupeza mabwato. Gulu la America lotchedwa Detachment 101 linali ndi Azungu ochepa, koma ankhondo achi Kachin pafupifupi 10,000. Ku Malaya ndi ku Borneo, olondola mapazi anali a mtundu wa Iban a ku Sarawak. Mmodzi wa iwo, Awang anak Raweng, analandira mendulo ya George Cross chifukwa cha zimene anachita mu 1951, pamene anateteza mnzake wovulala iye mwini atalasidwa kale.

Pa chilumba cha Guadalcanal, mu Ogasiti 1942, Jacob Vouza, wapolisi wopuma wa ku Solomon Islands, anagwidwa ndi Ajapani akuzonda. Anamumangirira ku mtengo, anamubaya ndi mipeni ya kumfuti pakhosi ndi pachifuwa, koma sanaulule. Atamusiya poganiza kuti wafa, anadula zingwe ndi mano, n'kukwawa mpaka kwa asilikali a America kukawachenjeza kuti adani akubwera usiku womwewo.

Amenewa ndi ochepa amene maina awo analembedwa. Ndipo mtengo wake unali wotani? Mlendo akamaliza ntchito amakwera ndege. Mwini mudzi amatsala, ndipo adani amabwera kudzafunsa kuti anapatsa alendo mpunga ndani. Pakati pa a Karen panali msilikali wa ku Britain, Hugh Seagrim, amene anabisidwa ndi anthuwo zaka ziwiri. Ajapani atayamba kuzunza ndi kupha anthu a m'midzi pomufunafuna, anadzipereka yekha mu Malichi 1944 kuti nkhanzazo zithe, ndipo anaphedwa ku Rangoon chaka chomwecho pamodzi ndi anzake achi Karen. Nkhondo itatha, a Britain anachoka mu 1948, ndipo a Karen analowa m'nkhondo ina ndi boma la Burma imene yatenga zaka makumi ambiri.

Ife a kuno nkhani imeneyi si yachilendo. Pa Nkhondo Yoyamba, amene anasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu kupita kumalire a kumpoto anali amtengatenga, anthu a m'midzi yathu, ndipo ambiri anafera m'njira. Mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, amene anagonja ku Mbala pa 25 Novembala 1918, dzina lake lili m'buku lililonse. Amene anamunyamulira katundu, ndi amene ananyamulira omuthamangitsa, tingawatchule angati?

Ndamva kuti asilikali athu anapitanso ku Malaya. N'zoona?

N'zoona. Nkhondo ya kumeneko inayamba mu 1948 n'kutha mu 1960, pakati pa boma la Britain ndi zigawenga zachikomyunizimu zimene zinkabisala m'nkhalango. Mabataliyoni a Keyala a ku Nyasaland ndi ku Kenya anapitako kuyambira mu 1952, ndipo bataliyoni yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment inatsatira m'zaka zomwezo za m'ma 1950. Ntchito yawo inali kulondola mapazi ndi kulalira m'njira, masiku ambiri osaona munthu.

Kumeneko ndi kumene gulu la makomando a Britain lotchedwa SAS linadzukanso. Mike Calvert, amene anali mmodzi wa atsogoleri a Chindits, anayambitsa Malayan Scouts mu 1950. Ankakhala m'nkhalango mpaka miyezi itatu, ndipo ankadumpha ndi parachuti pamwamba pa mitengo n'kutsika ndi chingwe, njira imene inavulaza ambiri. Koma chimene chinafooketsa zigawengazo kwambiri chinali njala. Boma linasamutsa anthu pafupifupi theka la miliyoni, ambiri alimi achi China, n'kuwaika m'midzi yozingidwa ndi waya kuti asapereke chakudya kuthengo.

Mafilimu ambiri ndi a ku Vietnam. Kumeneko kunali magulu ati?

Asilikali a America anali ndi timagulu totchedwa LRRP, ta anthu 4 mpaka 6, timene tinkatsitsidwa ndi helikopita n'kukhala masiku angapo. A SAS a ku Australia ankachita zofanana m'chigawo cha Phuoc Tuy kuyambira 1966 mpaka 1971. Gulu lachinsinsi kwambiri linali MACV-SOG, limene linakhazikitsidwa mu 1964 ndipo linkalowa m'maiko a Laos ndi Cambodia kukazonda njira ya Ho Chi Minh, imene North Vietnam inkadutsitsira anthu ndi zida. Boma la America linkakana kuti lili ndi asilikali kumeneko, choncho ankavala zovala zopanda chizindikiro. Kagulu kamodzi kankakhala ndi Aamerica awiri kapena atatu, ndipo otsalawo anali anthu a kumapiri otchedwa Montagnard, kapena a Nung. Ochuluka m'kagulu anali iwowo, ndipo nkhondo itatha mu 1975 ambiri anasiyidwa.

Tisaiwalenso kuti a mbali inayo anali ndi azondi awo aluso, ndi magulu apadera osaka timagulu timeneti. Nkhondoyo anapambana ndi iwo.

Mzondi akagwidwa amamuchita chiyani?

Malamulo a nkhondo amasiyanitsa. Msilikali amene wagwidwa akuzonda atavala yunifolomu ya dziko lake ndi mkaidi wa nkhondo, ndipo sayenera kuphedwa kapena kuzunzidwa. Amene wavala ngati munthu wamba kapena ngati mdani angaweruzidwe ngati kazitape, komabe pamafunika mlandu. Zimenezo ndi za papepala. M'nkhalango ambiri sankafika n'kukhoti komwe. Amuna khumi a gulu la ku Australia lotchedwa Z Special Unit, amene anagwidwa pa ulendo wopita kukaphulitsa zombo ku Singapore, iwo anazengedwa mlandu ndi Ajapani, koma anadulidwa mitu mu Julayi 1945, kutatsala milungu yochepa kuti nkhondo ithe.

Kodi magulu otere analowapo mu Zambia muno?

Analowa, ndipo adani amene ankawazonda kuseri tinali ife. Funsani aliyense amene anali wamkulu m'zaka za m'ma 1970.

Ku Malaya kuja kunapita gulu la Azungu a ku Southern Rhodesia lotchedwa C Squadron, lotsogoleredwa ndi Peter Walls. Ron Reid-Daly analinso momwemo. Patapita zaka, Walls anakhala mkulu wa ankhondo onse a Ian Smith, mtsogoleri wa boma la Azungu ku Rhodesia, ndipo Reid-Daly anayambitsa Selous Scouts mu 1973. Luso limene anaphunzira m'nkhalango za Malaya analitembenuzira kwa omenyera ufulu a Zimbabwe ndi maiko amene anawasunga. A Selous Scouts, amene ambiri anali anthu akuda, ankavala ngati omenyera ufulu kuti anthu a m'midzi awakhulupirire. Timagulu tawo tating'ono tinkawoloka Zambezi, kubisala pafupi ndi misasa ya ZIPRA, gulu la omenyera ufulu la Joshua Nkomo, kenako n'kuitana ndege.

Mu Malichi 1978 kunali nkhondo ku Kavalamanja, m'boma la Luangwa. Pa 19 Okutobala 1978 anaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, n'kuukiranso msasa wa ku Mkushi kumene kunafa atsikana ambiri. Mu Epulo 1979 a SAS a ku Rhodesia analowa mu Lusaka momwe n'kuphwasula nyumba ya Joshua Nkomo, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anagwetsa milatho ya pa Chambeshi, wa msewu ndi wa njanji ya TAZARA.

Kuno kummawa tinalawa zathu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene a RENAMO, amene anthu ankawatcha Matsanga, ankadumpha malire n'kuukira midzi. Ndinali mnyamata, kwathu kufupi ndi malire a Mozambique. Ndikukumbuka tikugona m'munda wa chimanga masiku angapo, amayi atatseka pakamwa pa mlongo wanga wamng'ono ndi chitenje kuti asalire. Agogo aja, atakalamba kale, ndi amene ankadzuka mbandakucha kukayang'ana mapazi m'njira ya kudambo, n'kubwera kudzatiuza ngati tingabwerere kunyumba. Ndiye mwana akandiuza kuti ntchito imeneyi ndi yokoma, ndimamufunsa kuti akudziona ali mbali iti: m'tchire ndi mfuti, kapena m'munda wa chimanga.

Kodi magulu amenewa anathandizadi kupambana nkhondo?

Akatswiri amatsutsana mpaka lero. William Slim, amene anatsogolera gulu lonse la nkhondo limene linagonjetsa Ajapani ku Burma, ankaona kuti magulu apadera akuluakulu amawononga: amatenga amuna abwino kwambiri, ndege ndi chakudya, koma phindu lake silifanana ndi mtengo wake. Iye ankati msilikali aliyense wophunzitsidwa bwino ayenera kutha ntchito zoterezi. Ena amayankha kuti ulendo wa 1943 unasonyeza kuti Mjapani angathe kugonjetsedwa m'nkhalango, ndiponso kuti gulu lingadyetsedwe ndi ndege zokha, phunziro limene linathandiza pa nkhondo za Imphal ndi Kohima mu 1944.

Ine ndimaima pafupi ndi Slim. Timagulu tating'ono toona ndi kunena tinapulumutsa miyoyo yambiri, chifukwa mkulu wa nkhondo wosadziwa pamene pali adani amatuma anthu ake kukafa. Koma amene anatsegula njira ya ku Kalewa anali asilikali wamba oyenda m'matope.

Palinso choopsa china. Anthu ochepa okhala ndi mfuti, kutali ndi maso a aliyense, akhoza kuchita zoipa zosaneneka. Ku Batang Kali, ku Malaya, asilikali a Britain anapha anthu 24 opanda zida mu Disembala 1948. Ku Vietnam kagulu ka azondi kotchedwa Tiger Force kanapha anthu wamba ambiri mu 1967, ndipo nkhaniyo inadzaululika poyera mu 2003. Palibe amene anamangidwa pa milandu iwiri yonseyi.

Ndikufuna kudzakhala komando. Ndiyambire pati?

Malizani sukulu kaye, ndipo samalani thupi lanu. Zambia Army ili ndi gulu lake la makomando, koma munthu amayamba walowa usilikali wamba kudzera m'chilengezo cha boma, ndipo kusankhidwa kumabwera pambuyo. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akulowetseni, ameneyo ndi wakuba. Mwana wa mlongo wanga anataya ndalama za mbuzi ziwiri mwa njira imeneyi.

Asilikali athu atabwerako ku Burma analandira chiyani? Nanga tili ndi mamendulo a agogo m'nyumba, tichite nawo chiyani?

Analandira zochepa. Ndalama yothokoza pa kutha kwa nkhondo inkawerengedwa potengera khungu: msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wachikuda mashiling'i atatu ndi theka. Agogo anga anagula njinga ndi khasu la ng'ombe, ndalama n'kutha. Anabwerera kukalima mtedza ndi kulipira msonkho ngati kale, m'dziko limene sankaloledwa kulowa pakhomo la sitolo zina, ankagulira pa windo.

Za mamendulo, chonde musagulitse, ngakhale wina abwere ndi ndalama zooneka zambiri. Ngati pali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi yolembedwa kuti The Burma Star, yokhala ndi kansalu kofiira pakati, ndiye kuti mwini wake anatumikiradi pa nkhondo ya kumeneko. Fufuzaninso m'sutikesi kapena m'bokosi lachitsulo ngati muli kabuku ka malipiro kapena chikalata chotulukira usilikali, chifukwa pamenepo pamakhala nambala yake ndi dzina la bataliyoni. Zijambuleni pa foni, mbali zonse ziwiri, ndipo mapepalawo muwasunge pouma, kutali ndi chiswe. Ngati munthuyo anafera kunkhondo, dzina lake mungalifufuze pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, koma yesani kalembedwe kosiyanasiyana, popeza alembi a nthawi imeneyo ankalemba maina athu mmene awamvera, ndipo ambiri analembetsa ndi dzina la bambo awo m'malo mwa la mtundu.

Kenako pitani kwa azakhali kapena agogo aakazi amene atsala, mukhale nawo pamphasa, muwafunse kuti ananyamuka chaka chiti, anapita ndi ndani wa m'mudzimo, ndipo anabwera ndi ndani. Kwathu anapita anayi, anabwera awiri. Maina a awiri enawo ndinawalemba mu 1994 kuchokera pakamwa pa agogo, kutatsala miyezi itatu kuti amwalire, ndipo pepalalo lili m'bokosi limodzi ndi nyenyezi yawo.